Ndachira abale anga, zikomo

Ulusi andichotsa dzulo. Dzanja likadali lolemera koma foni ndikugwira, ndiye ndati ndisagone ndisanathokoze.

Za kuphulika kumene kunachitika padoko la Beirut ku Lebanon pa 4 August 2020 mukuzidziwa kale. Ine ndinali pakhonde kuno ku Mar Mikhael, dera loyandikana ndi dokolo, ndikuanula zovala, 6 koloko itangopitirira, maso ali pa utsi wochokera kudoko la Beirut ngati wina aliyense. Ndinadzatsitsimuka ndili pa magalasi okhaokha, m'makutu muli ziii, silipasi imodzi kuphazi.

Amene ananditola ndi mnyamata wa njinga yamoto, kwathu tikanati wakabaza. Sitidziwana, ndipo Chiarabu changa n'chogulira buledi basi. Anavula malaya ake n'kundimanga nawo dzanja. Chipatala choyamba tinapeza nachonso chaphwasuka, anamwino akusoka anthu panja ndi tochi za m'mafoni. Ndinkaganiza kuti anditula pomwepo. Ayi ndithu, anandikwezanso mpaka tinapeza kwina. Achimwene inu, ngakhale dzina sindinakufunseni, Mulungu akusungireni amayi anu amene anakulerani chonchi.

Asisi anga a ku Ethiopia amene mwandigoneka pa matiresi anu masabata atatu, chonsecho nanunso malipiro anasiya kuoneka, zikomo. Amayi ndi amvano onse kumudzi, ndamva kuti munasala kudya. Achimwene ku Johannesburg, ndalama ija inafika. Ana a sukulu aja anabwera ndi masache kudzasesa msewu wathu, amenewo ndiye anagwira ntchito, boma lili kalikiliki kutula pansi udindo pa 10 August.

Enanu amene nambala yanga mumaikumbukira mwezi ukamatha, sindinasinthe, ndi yomweyi.

Ndisaiwale kuti ine ndi wamwayi. Anthu oposa 150 apita, masauzande avulala, ambirimbiri alibe pogona, chifukwa cha kuphulika kwa matani 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala opangira feteleza ndi mabomba, amene anangosiyidwa m'nyumba yosungira katundu nambala 12 kwa zaka 6. Sitima imene inabwera nawo ija ulendo wake unali wa ku Beira, pakhomo pathu penipeni. Nditamva ndinangoti kakasi. Ambuye atonthoze onse olira.

Koma mnyamata uja. Ndinayesa kumupatsa timapepala ta ndalama timene tinali m'thumba, anangogwira pachifuwa n'kupukusa mutu, n'kuliza njinga kubwerera komwe kunali utsi, ali chibadwire kumtundaku. Malaya ake ndachapa katatu, magazi akukana kuchoka. Ndawapinda ali m'chikwama, ndipo njinga ikangolira pamsewu ndikumasuzumira pawindo, pomwe pakadali pulasitiki m'malo mwa galasi.