Lamba wobiriwira wandibwezera ku Taegeuk Il Jang

Mtima wakhala pansi tsopano. Ndamvetsa chifukwa chake pa mayeso a lamba a taekwondo amatiyambitsa tonse pa Taegeuk Il Jang, poomsae yoyamba (poomsae ndi mndandanda wa masitepe, kutchinga ndi kumenya womwe timaloweza), ngakhale ovala lamba wofiira omwe akukonzekera Pal Jang, yachisanu ndi chitatu.

Zandidziwikira pa Sam Jang, poomsae yachitatu, ya ife a geup 6 (geup ndi magiredi a munthu asanafike pa lamba wakuda, ndipo amawerengedwa chotsika mpaka 1). Pali pomwe umaima dwit kubi (kaimidwe kotsamira mwendo wakumbuyo) n'kutchinga ndi m'mphepete mwa chikhatho chimodzi chotambasula ngati mpeni, kenako phazi lakutsogolo limasendera patsogolo kulowa ap kubi (kaimidwe kotsamira mwendo wakutsogolo), nkhonya n'kutuluka. Thupi limakhala litatsamira mwendo wakumbuyo, ndiye likamasamukira kutsogolo chiuno chimapotokola chokha, mkono umangoperekeza. Nditabwerera ku Il Jang ndinapeza kuti kusamuka komweku kulipo pakati pa arae makki (kutchinga m'munsi) ndi nkhonya yotsatira, kungoti pa ap seogi (kaimidwe ngati ukuyenda) mapazi amayandikana, choncho n'kochepa kwambiri moti wa lamba woyera sangakumve m'thupi mwake. Woyesa akakuitanira Il Jang uli wobiriwira amafuna aone ngati chiuno cha Sam Jang chafika m'poomsae yakale ija. Lamba watsopano aliyense amakutumanso kukakonza zonse za m'mbuyo.

Chandithandiza ndi kuchita poomsae pang'onopang'ono kwambiri, sitepe iliyonse ndikuwerenga mpaka 5, nditatembenukira khoma lina osati lomwe pali mbendera. Ukachedwetsa chonchi bondo lonjenjemera silibisika, ndipo wongoloweza makoma amasokonekera pomwepo. Ine ndikuti dojang (sukulu ya taekwondo) iliyonse itamachita zimenezi theka la nthawi, ana sangamafike geup 1 akumenyabe ndi phewa lokha. Pa nkhonya palibe njira ina yoposa imeneyi.

Koma nthawi yake ili kuti? Ola limathera pa kuthamanga ndi kyorugi (kumenyana awiriawiri), poomsae n'kupatsidwa mphindi zotsalira anthu atayamba kale kuyang'ana zikwama. Aphunzitsinso sagwirizana. Wina amati geup 5 ndi wobiriwira wa mzere wabuluu, wina ali ndi mtundu wakewake. Kukkiwon, yomwe ndi likulu la taekwondo ndipo inakhazikitsidwa ku Seoul mu 1972, imapereka satifiketi ya dan (giredi ya lamba wakuda), komanso ya poom kwa osakwana zaka 15, koma mitundu ya malamba a geup imasiyana malinga ndi sukulu. Zimandiwawa kuona munthu akukwezedwa chifukwa choti miyezi yakwana, chikhalirecho dwit kubi yake ili ngati waima pamzere wa kuchigayo. Akadzafika pa Koryo, poomsae yoyamba ya lamba wakuda, adzavutika, ndipo mlandu sudzakhala wake.

Sa Jang, poomsae yachinayi, ikubwera ndi yeop chagi (mateche a cham'mbali) ziwiri zotsatizana, ndipo pochita pang'onopang'ono mwendo wanga wamanzere sukhazikika. Mwina njira yanga yochedwetsayi siigwira bwino pa mateche, omwe amafuna liwiro kuti thupi lisagwe. Sindikudziwa ngati ndilembetse mayeso akubwerawa kapena ndidikire enawo.