Zikomo alamu anga, nambala ija yachoka

Abale anga zatheka!! Nambala yakale ija ya asungichuma athu yachoka pa masamba onse a webusaiti ya gulu lathu, palibenso wotumiza ndalama za mbatatesi kwa akuba aja anatenga foni ku Lizulu. Ndikulemba maso akuwawa koma mtima wakhala pansi, Ambuye alemekezeke.

Mmene zinalili mukudziwa kale. Mafayilo a HTML (omwe amapanga masamba a webusaiti) mazanamazana, lililonse nambala ili mmunsi, ena kawiri katatu, ine kumatsegula limodzilimodzi kumafufuta pamanja ndi kuzizira kwa kuno ku Dedza zala zitauma, kwinaku ogula a ku Lilongwe akuimba kuti tatumiza kale bwanji katundu sakubwera. Tulo ndinaliiwala.

Ndiye alamu anga, akazi awo a achimwene. Mayi amenewa ine ndilibe mawu. Anangomva pa foni kuti mawu anga asintha, mmawa wake anakwera minibasi, kufika pa boma pano tiyi sanamwe nkomwe, anangofunda chitenje nkutsegula laputopu yawo ya Linux, kawindo kakuda kaja ka terminal. Choyamba anakopera foda yonse pa flash, akuti sitigwira kanthu tisanasunge. Kenako analemba grep -rl, lamulo losakira mawu mu mafayilo, kuti angoona mafayilo omwe muli nambalayo osasintha chilichonse, atayang'ana mndandanda anapukusa mutu kuti achepa awa. Kani nambala ija inalembedwa mosiyanasiyana, pena yoyamba ndi 0, pena +265, pena yokhala ndi mipata pakati, ndiye anaisaka mtundu uliwonse paokha. Munthu wothamangira kwawo akanasiya theka osadziwa.

Anayesa kaye pa fayilo imodzi, titaona kuti zili bwino anamenya mzere uwu, ndaukopera mu kope langa (pomwe pali yakale ndi yatsopano mpoika manambalawo):

grep -rlZ 'yakale' . | xargs -0 sed -i.bak 's/yakale/yatsopano/g'

Enter, basi. Ndisanapume nkomwe zonse zasintha, misozi inalengeza ndithu. Chomwe chandikhudza kwambiri nchoti sanangopanga nkunyamuka ayi, anandikhazika pambali pawo nkumandiuza kuti alamu onani, g wakumapetoyu ndi woti isinthe paliponse mu mzere osati poyamba pokha, .bak akusiyirani fayilo yakale pambali mwina mungaifune, Z ndi 0 ndi chifukwa cha mafayilo a mayina okhala ndi mipata aja ngati mitengo ya June.html kuti asaduke pakati. Anabwereza mpaka ndinalemba ndekha iwo akungoyang'ana.

Magetsi anathima tili mkati, batire ikutha, iwo osatekeseka. Panalinso mafayilo a Word, amenewo anati sed, lamulo losinthira mawu lija, sawatha chifukwa docx ndi zip (fayilo yopanikizidwa) mkati mwake, ndiye amenewo tinakonza pamanja, iwo kuwerenga ine kulemba, mpaka usiku pa kandulo. Pomaliza anathamangitsanso grep kusaka nambala yakale, inangotuluka mu ma .bak mokha, amenewo tinawachotsa tisanakweze pa intaneti.

Zikomonso apampando pogula bandulo, amayi a pa neba potibweretsera mbatatesi yophika ndi tiyi wa mkaka, ndi mnyamata wa kabaza uja anakatenga alamu pa siteji. Inu amene mumadzitcha akatswiri a kompyuta mu gulu lija, mauthenga anga munawawerenga ndinaona, ena munayamba ndi kufunsa kuti pali zingati. Palibe kanthu, tikumana.

Koma alamu anga inu, Mulungu akudalitseni, akutsegulireni makomo kuntchito kwanuko, ana anu asadzasowe wowathandiza. Ndalama ya thiransipoti mwakana, chabwino, koma thumba la mbatatesi ya ku Bembeke likukwera Lachisanu ndipo limeneli musayerekeze kubweza.

Mamembala nonse nambala yatsopano ili pa WhatsApp, uzaninso ogula anu lero lomwe.