Sabata yosankha masipika ndi mabokosi a gitala ya besi

Ntchito ya sabata ino inali ya bandi ya anthu 7 yomwe imayimba rege ndi sungura m'maukwati ndi m'mabwalo a zisangalalo. Dandaulo lawo linali lakuti woyimba ng'oma akangoyamba kumenya mwamphamvu, besi imasowa, ngakhale ampu yake (makina okweza mawu) inalembedwa mawatsi 500. Eni bandi anali atatsimikiza kale zogula ampu ya mawatsi 1,000. Tinawapempha kuti ayambe asunga ndalamazo mpaka tiyeze zida zomwe ali nazo.

Lolemba tinayeza. Ampu yawo ndi ya class D, yopepuka, ndipo kumbuyo kwake kunalembedwa kuti mawatsi 500 imapereka pa ma ohm 4 (ohm ndi muyeso wa momwe sipika imatchingira magetsi), koma pa ma ohm 8 imapereka pafupifupi 300. Bokosi lawo linali limodzi, la sipika imodzi ya mainchi 15, ya ma ohm 8. Multimeter, chida choyezera magetsi, inawerenga ma ohm 5.8, ndipo zimenezi n'zoyenera: sipika ya ma ohm 8 imawerenga pakati pa 5 ndi 6.5, ya ma ohm 4 imawerenga cha m'ma 3. Choncho mawatsi 500 aja sanali kufika n'komwe. Komanso ampu yatsopano sikanawathandiza kwenikweni. Kuchulukitsa mawatsi kawiri kumangowonjezera 3 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), kusintha komwe khutu limakumva pang'ono chabe. Kuti munthu anene kuti phokoso lawirikiza pamafunika pafupifupi 10 dB, kutanthauza mawatsi ochuluka kakhumi, ndipo sipika imodzi ija ikanapsa isanafike kumeneko.

Besi imamveka chifukwa cha mpweya womwe mapepala a masipika akukankha. Tsiku lonse la Lachiwiri linathera pa nkhani imeneyi, chifukwa ndi pomwe ambiri amatayira ndalama. Chingwe chachikulu cha besi ya zingwe 4, cha E, chimalira pa 41 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mawu). Cha B pa besi ya zingwe 5 chimatsika mpaka 31 Hz. M'bokosi lotsekeka, mawu akatsika ndi theka, mwachitsanzo kuchoka pa 80 kufika pa 40 Hz, pepala liyenera kuyenda mtunda wochuluka kanayi kuti phokoso likhale lofanana. Sipika iliyonse ili ndi malire a mtunda umenewu, omwe opanga amawalemba kuti Xmax. Ikadutsa pamenepo mawu amayamba kuphwephwetera, ngakhale koyilo, waya wozunguliza womwe umayendetsa pepalalo, isanatenthe. N'chifukwa chake sipika yolembedwa mawatsi 400 imatha kugonja pa mawatsi 150 ikapatsidwa mawu otsika kwambiri.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti sipika ya mainchi 15 ndiyo ili ndi besi yambiri chifukwa imaoneka yaikulu. Tiwerenge. Pepala lake ndi pafupifupi 850 cm². La mainchi 12 ndi pafupifupi 530, la mainchi 10 ndi pafupifupi 340. Bokosi la masipika 4 a mainchi 10 ndiye kuti lili ndi 1,360 cm², kuposa la 15 lija, ndipo kutentha kumagawidwa pa makoyilo anayi. Kampani ya Ampeg inadziwa izi kale pomwe inkatulutsa SVT mu 1969: ampu ya mavalavu ya mawatsi 300 okha, koma ndi mabokosi a masipika 8 a mainchi 10. Mpaka lero bokosi limenelo mumaliona pamasiteji akuluakulu. Vuto lake ndi kulemera, chifukwa limaposa makilogalamu 60, ndipo bandi yoyenda pa kagalimoto kapikapu m'misewu yafumbi singalikonde nthawi yaitali.

Tinasankha mabokosi awiri ofanana, lililonse la masipika 4 a mainchi 10, ma ohm 8. Akalumikizidwa pamodzi ku ampu amakhala ma ohm 4, ampu n'kupereka mawatsi ake onse, ndipo pepala lokankha mpweya lachuluka katatu kuyerekeza ndi kale. Eni bandi anafuna kugula bokosi limodzi lokha n'kulisanjika pa la 15 lakale lija. Ambiri amachita zimenezi, koma ine sindizilimbikitsa. Mabokosi awiri a ma ohm 8 amagawana mawatsi mofanana, choncho sipika imodzi ija imasenza yokha katundu yemwe anzake akugawana anayi, ngati munthu mmodzi wonyamula thumba la chimanga pomwe anayi akuthandizana lina. Iyo ndi yomwe imayamba kugonja, ndipo popeza ili pansi, woyimba samva kuti ikuvutika.

Limodzi mwa mabokosi ogwiritsidwapo kale ntchito omwe tinapeza linawerenga 3.1, kusonyeza kuti ndi la ma ohm 4. Mukaphatikiza la 8 ndi la 4 mumapeza ma ohm 2.67, kutsika kuposa pomwe ampuyi imalola, ndipo imatentha n'kudzizimitsa pakati pa nyimbo. Titatsegula tinapeza masipika a ma ohm 16 anayi. Amenewa mungawalumikize kuti akhale 4 kapena 16, koma 8 ayi. Linabwerera kwa mwini wake, tinatenga lina.

Lachitatu linali la sikuludalaiva ndi guluu. Bokosi lililonse logula kwa munthu timaliyesa ndi batire ya 9V: mukakhudzitsa mawaya kwa kamphindi, mapepala onse ayenera kutuluka pamodzi. Pa bokosi lachiwiri, sipika imodzi inkalowa mkati anzake akutuluka. Winawake anatembenuza mawaya pokonza. Sipika yotere imameza mpweya womwe inzake ikukankha, ndipo besi imachepa kwambiri pomwe china chilichonse chikuoneka bwino. Kenako timakankha pepala lililonse pang'onopang'ono ndi zala zotambasula. Mukamva kukhwekhwereza, koyilo ikukhuza magineti. Samalani ndi masipika owayindidwa. Pali amisiri omwe amagwira bwino ntchitoyi, koma ena amazunguliza waya uliwonse womwe ulipo, ma ohm n'kusintha, choncho yezani sipika iliyonse payokha.

Bokosilo likhale la plywood ya 18 mm kapena 15 mm yokhala ndi mipiringidzo mkati. Chipboard imafufuma ikanyowa ndipo zomangira zimazuka. Ikani dzanja pambali pa bokosi besi ikulira: ngati thabwa likunjenjemera, mphamvu ikutayikira pamenepo. Tinaika thabwa la 5 cm kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, n'kutseka mipata yozungulira zogwirira yomwe inkatulutsa mpweya ngati likhweru. Chingwe chawo chopita ku sipika chinali cha gitala, chokhala ndi kawaya kamodzi kowonda mkati. Chimenechi chimatentha, ndipo chikasungunuka chimapha ampu. Tinapanga zingwe ziwiri za 2.5 mm² zokhala ndi mapulagi a Speakon.

Mabokosiwa ali ndi zibowo za mpweya kutsogolo, ndipo Lachinayi tinafufuza pomwe zibowozi zinatchunidwa. Njira yake ndi yosavuta: tulutsani mawu amodzimodzi kuchokera pa foni, mutsike pang'onopang'ono kuchoka pa 80 Hz, muyang'ane pepala. Pomwe likuyenda pang'ono kwambiri, mpweya ukuwomba mwamphamvu pachibowo, ndi pamenepo. Tinapeza cha m'ma 45 Hz. Pansi pa nambala imeneyi bokosi siligwiranso pepala, limangokupiza popanda phokoso lenileni. Choncho tinaika high-pass filter, sefa yodula mawu otsika kwambiri, pa 35 Hz. Woyimba besi anaopa kuti chingwe chake cha B chifa, koma sichinafe, chifukwa zambiri zomwe khutu limamva pa chingwe chimenechi zili pa 62 ndi 93 Hz.

Kenako mabatani. La bass linali litapotozedwa mpaka kumapeto. Kukweza 6 dB pamenepo kumafuna mawatsi ochuluka kanayi pa mawu omwewo. Tinalibweza pakati, n'kukweza pang'ono pakati pa 100 ndi 200 Hz kuti rege ikhale ndi thupi. Sungura ndi nkhani ina. Aliyense amene anamvera Alick Macheso akudziwa kuti besi ya mtundu umenewu imathamanga ndipo imakwera pamwamba, choncho imafuna 800 Hz kufika 1.5 kHz kuti noti iliyonse imveke payokha. Apa masipika a mainchi 10 amathandizanso, chifukwa ya 15 ikadutsa cha m'ma 1 kHz imaponya mawu kutsogolo kokha.

Lachisanu kunali muholo ya makoma a simenti ndi denga la malata. Tinasanjika mabokosi, lina pamwamba pa linzake, kuti lapamwamba lifike kukhutu la woyimba. Mukawaika moyandikana pansi, amaombera mawondo ake, iye n'kumangokweza. Poyamba anali masentimita 85 kuchokera kukhoma, ndipo manoti ena cha m'ma 100 Hz ankazimirira, chifukwa mawu obwerera kuchokera kukhoma amafafaniza otuluka kutsogolo. Titakankhira mabokosi pafupi ndi khoma, vutolo linatha. Pakona tinapewapo, chifukwa pamachititsa kuti besi izingodumadumira. Siteji inali ya matabwa, yamphako pansi, ndiye tinayala labala wokhuthala kuti isalire nawo.

Pabwalo Loweruka panalibe khoma lothandiza. Panja, mtunda ukawirikiza phokoso limatsika ndi 6 dB, choncho munthu woima mamita 16 kuchokera pa bokosi wataya 24 dB poyerekeza ndi woima pa mita imodzi. Ntchito yofikitsa besi kwa anthu tinaisiyira ma subwoofer (masipika a mawu otsika) a PA, zokuzira mawu za bwalo lonse, kudzera mu DI box, kabokosi kolumikizira besi ku PA, mabokosi a woyimba n'kumangotumikira pasiteji. Magetsi anali a jenereta. Chingwe chachitali cha magetsi chinali chokulunga pa gudumu lake, ndipo tinachitambasula chonse, chifukwa chokulunga chimatentha. Pofika ola lachitatu besi imamveka ngati yachepa, chifukwa makoyilo akatentha amalandira mphamvu yochepa. Woyimba akakweza ampu pamenepo ndi pomwe masipika amapsa, choncho tinagwirizana naye kuti akafuna zambiri azikweza dzanja, ife tiwonjezere pa monita yake, sipika ya pasiteji yoyang'ana iye. Iye ndi woyimba ng'oma tinawapatsa zotsekera m'makutu, popeza pafupi ndi mabokosiwo phokoso limadutsa 100 dB, ndipo pa mlingo umenewo mphindi 15 zokha n'zokwanira kuyamba kuwononga makutu.

Bokosi lakale la mainchi 15 lapita kwa woyimba kiyibodi. Pa ndalama zomwe zikanagula ampu, zotsala tawalangiza kuti asoketse zovindikira za lona ndi kuika mawilo pa bokosi lapansi mvula isanayambe.