Mmene ndinasankhira UPS ya kompyuta ndi rauta ya kunyumba

Ndisanayang'ane n'komwe mitundu ya UPS, chipangizo cha batire chimene chimapitiriza kupereka mphamvu magetsi akathima, ndinayamba ndadzifunsa kuti magetsi akathima ndikufuna chiyani kwenikweni. Mayankho anatuluka awiri. Kompyuta yapatebulo ndinkangofuna isamazime mwadzidzidzi, izindipatsa mpata wosunga zimene ndikulemba kenako n'kuizimitsa bwinobwino. Koma rauta ndi kabokosi kolandira faiba ndinkafuna zizikhalabe zoyaka kwa maola angapo, chifukwa laputopu ndi foni zili ndi mabatire akeake, zimangosowa intaneti basi. Ntchito ziwirizi si zofanana, ndipo ndikukhulupirira kuti anthu ambiri amene amakhumudwa ndi UPS yawo amakhala kuti anaunjika ntchito zonsezi pa chipangizo chimodzi.

Choyamba ndinayeza magetsi amene zipangizo zanga zimadya. Nambala yolembedwa pa power supply ya kompyuta (bokosi la m'kati logawa magetsi), kaya 500 W kaya 650 W, siimanena zimene kompyutayo ikudya. Imanena malire a zimene ingathe kupereka. Ndinapeza kamita kakang'ono kamene umakalowetsa pa soketi, n'kulumikiza chipangizo pamwamba pake, ndipo kamakuonetsa ma watt pomwepo. Kompyuta yanga inkasewera pakati pa 60 ndi 80 W ndikamalemba kapena kuwerenga pa intaneti, n'kukwera kufika pafupifupi 200 W ndikaipatsa ntchito yolemetsa. Monita inali cha m'ma 30 W. Rauta ndi kabokosi ka faiba pamodzi sizinapitirire 20 W. Ngati mulibe mita yoteroyo, pa adaputa iliyonse pamalembedwa ma volt ndi ma amp; mukachulukitsa ziwirizo mupeza malire ake, mwachitsanzo 12 V ndi 1.5 A ndi 18 W.

Apa m'pamene pamabwera nambala imene imasocheretsa ogula. Pa katoni ya UPS amalemba VA (ma volt-amp, muyeso wosiyana ndi ma watt) m'zilembo zikuluzikulu, ma watt n'kuwabisa m'munsi. UPS zambiri za kunyumba zolembedwa 1000 VA zimanyamula cha m'ma 600 W, ndipo za 1500 VA nthawi zambiri zimakhala 900 W kapena 1000 W. Ine ndinasiya kuyang'ana VA, n'kumafunafuna ma watt okha. Katundu wanga akalemera kwambiri ankafika pafupi 250 W, choncho ya 600 W inandisiyira malo okwanira. Malowo ndi ofunika: UPS yodzadza mpaka pakamwa imalira n'kuzima pa nthawi yomwe mukuidalira, komanso batire yake imatha m'kanthawi kochepa.

Kodi idzakhala yoyaka nthawi yaitali bwanji? Funsoli silimayankhidwa ndi VA, limayankhidwa ndi batire ili m'katimo. UPS zazing'ono zambiri zimakhala ndi batire ya mtovu yotsekedwa, ya 12 V, 7 Ah kapena 9 Ah (muyeso wa magetsi amene batire imasunga), ina imodzi ina ziwiri. Mukachulukitsa 12 ndi 7 mupeza 84 Wh, kutanthauza ma watt 84 kwa ola limodzi. Papepala ndiye kuti katundu wa 100 W angayake mphindi 50, koma zimenezo sizichitika. Nambala ya 7 Ah amaiwerengera batire ikamakhetsedwa pang'onopang'ono kwa maola 20. Mukaikoka mwamphamvu m'mphindi zochepa imapereka zochepa kwambiri, mwina theka lokha, ndipo invata, imene imasandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pakhoma, nayo imataya gawo lina ngati kutentha. Chimene chinandithandiza ndi tchati chimene opanga odziwika monga APC, Eaton ndi CyberPower amaika pa chipangizo chilichonse, choonetsa mphindi zimene mungapeze pa katundu wosiyanasiyana. Nditayerekeza matchatiwa ndinaona kuti UPS ziwiri zosiyana VA zikhoza kukhala ndi batire yofanana ndendende, ndiye pa katundu wanga zikanayaka nthawi yofanana. Ku kompyuta ndinkangofuna mphindi 10 kapena 15, ndipo zimenezo zinali zosavuta kupeza.

Mitundu ya UPS ilipo itatu. Ya standby imangodutsitsa magetsi a pakhoma, n'kusinthira ku batire akathima. Ya line-interactive imachita chimodzimodzi koma ili ndi AVR, thiransifoma yokweza magetsi akafooka ndi kuwatsitsa akakwera popanda kukhudza batire. Ya online imadyetsa zipangizo kudzera mu invata nthawi zonse, kotero palibe kusintha kulikonse. Ndi yabwino, koma ndi yodula, imatentha, ndipo fani yake siipuma. Mitundu iwiri yoyambayo imatenga ma millisecond ochepa kusintha, kawirikawiri osapitirira 10, pomwe power supply ya kompyuta imapangidwa kuti ipirire pafupifupi 16, choncho kompyuta sizindikira n'komwe. Ndinasankha line-interactive chifukwa cha AVR. Magetsi akamangophethiraphethira kapena kufooka, ya standby imathamangira ku batire kambirimbiri, ndipo batire yamtovu imakalamba msanga ikamakhetsedwa pafupipafupi.

Pali chinthu china chimene ndinachitengera nthawi. Magetsi a pakhoma amayenda mwa mafunde osalala, aja amati sine wave. UPS zotchipa zikakhala pa batire zimatulutsa mafunde odumphadumpha ngati masitepe, ndipo pa katoni amalemba kuti simulated kapena stepped. Ma adaputa ambiri sadandaula nazo. Koma ma power supply amakono a kompyuta amakhala ndi active PFC, gawo lowongolera mmene amakokera magetsi, ndipo ena mwa iwo amalira kapena kuzima kumene UPS yotere ikangosinthira ku batire. Si onse amene amatero, koma sindinafune kudzazindikira zimenezi ntchito yanga ili pakati. Ndinayang'ana pa bokosi la power supply yanga, ndinapeza kuti ndi ya active PFC, ndiye ndinawonjezera ndalama n'kutenga yolembedwa pure sine wave.

Rauta ndinaipezera yakeyake. Taganizani njira imene magetsi amayenda mukailumikiza ku UPS yaikulu: batire imapereka 12 V, invata imawakweza kukhala magetsi a pakhoma, kenako adaputa ya rauta imawatsitsanso kubwerera ku 12 V. Pa kusintha kulikonse pamatayika kanthu, ndipo pa katundu wochepa chonchi invata yokha ikhoza kudya magetsi oyandikira amene rautayo ikudya. UPS zina zimadzizimitsanso zikaona kuti katundu wachepa kwambiri, poganiza kuti palibe chimene chalumikizidwa. Choncho ndinagula ka mini UPS ka DC (magetsi a mtundu umene batire imatulutsa), kamene kali ndi mabatire a lithium ndipo kamatulutsa 5 V, 9 V ndi 12 V mwachindunji, popanda invata.

Tizipangizo timeneti timafunika maso. Ndinaonetsetsa kuti ma volt akufanana ndi olembedwa pansi pa rauta, kuti ma amp akukwanira rauta ndi kabokosi ka faiba pamodzi, komanso kuti kamutu ka waya kakulowa bwino. Timitu tambiri ndi ta 5.5 mm kunja, koma m'kati tina ndi 2.1 mm tina 2.5 mm, ndipo kolakwikako kamangogwedera kapena sikalowa n'komwe. Ndinayang'ananso kachizindikiro koonetsa ngati positive ali pakati, chifukwa kutembenuza zimenezi kumatha kuwononga chipangizo. Ndiye pali mAh, muyeso wa kukula kwa batire ya m'kati. Akalemba 10,000 mAh, nthawi zambiri amawerengera pa 3.7 V ya maselo a m'kati, osati pa 12 V. Ndiye kuti ndi 37 Wh, ndipo katundu wa 15 W angayake maola awiri ndi pang'ono, osati tsiku lonse ngati mmene nambala yaikuluyo imaonekera. Ndinafunafuna kolembedwa Wh poyera, n'kugawa ndi ma watt anga.

Pogula penipeni ndinayang'ana zinthu zochepa koma mosamala. UPS iyenera kugwirizana ndi magetsi a dziko limene muli, 230 V kapena 120 V, ndipo masoketi ake ayenera kulandira mapulagi anu. Zina zimabwera ndi masoketi a IEC okhaokha, ofuna mawaya akeake. Ndinafunsa tsiku limene inapangidwa, chifukwa batire yamtovu ikakhala miyezi yambiri m'katoni osatchajidwa imawonongeka isanagwire n'komwe ntchito. Ndinaonetsetsa kuti batire imachotseka mosavuta ndipo ndi ya saizi yopezeka, kuti pali polowetsa USB, komanso kuti alamu imatheka kuitontholetsa. Chomalizachi musachipeputse ngati UPS idzakhale pafupi ndi pogona.

Nditafika nayo kunyumba ndinatsegula kachitseko ka batire, popeza zambiri zimatumizidwa waya umodzi uli wochotsedwa. Ndinaulumikiza, n'kuisiya pa magetsi usiku wonse popanda katundu, monga mmene kabuku kake kanalangizira. Kumbuyo kuli masoketi a mitundu iwiri: ena ali ndi batire, ena amangoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu. Kompyuta ndi monita zinapita ku a batire. Pulinta ya laser sindinaiyandikize n'komwe, chifukwa ikamatenthetsa imakoka ma watt mazanamazana mwakamodzi ndipo ikhoza kugwetsa UPS yonse. Chimodzimodzi hita, ketulo ndi ayironi.

Waya wa USB ndi umene anthu ambiri amausiya m'katoni, chonsecho ndi umene umamalizitsa ntchito. Mukaulumikiza, UPS imauza kompyuta kuti magetsi athima ndiponso kuti batire yatsala bwanji, ndipo kompyuta imadzizimitsa yokha mwadongosolo inu kulibe. Windows imaona UPS zambiri ngati batire ya laputopu. APC ili ndi pulogalamu ya PowerChute, CyberPower ili ndi PowerPanel, ndipo pa Linux pali NUT. Ine ndinaitchera kuti izizima batire ikadali ndi theka, osadikira kuti itheretu, chifukwa magetsi amatha kubwera n'kuthimanso batire isanadzadze.

Poyesa ndinasunga ntchito zonse, n'kuzimitsa switch ya pakhoma m'malo mozula pulagi, kuti waya wa earth ukhalebe wolumikizika. UPS inalira kamodzi, monita sinaphethire, ndipo itakwana nthawi kompyuta inadzizimitsa. Rauta inapitirirabe pa kamini kake.

Ndinaiika pamalo opita mphepo, kutali ndi dzuwa, osati m'kabati yotseka. Batire yamtovu imakhala zaka 3 mpaka 5 pa kutentha kwa 25°C, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 moyo wake umafupika ndi theka. Pambali pake ndinamata kapepala kolemba mwezi ndi chaka chimene ndinayamba kuigwiritsa ntchito, ndipo pakapita miyezi ingapo ndimabwereza kuyesa kuja n'kuona ngati mphindi zachepa. Zikadzachepa kwambiri, kapena batire ikadzayamba kufufuma, ndidzasintha batire yokhayo, yakaleyo n'kukaipereka kwa amene amalandira mabatire akutha, chifukwa mtovu ndi asidi si zotaya kudzala.