Mapiri a ku Mutare amafuna munthu woyenda pansi

Ambiri mwa ife olankhula Chichewa amene tikukhala muno mu Harare, kaya ndi ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Highfield, tchuthi timachidziwa ngati nthawi yokaona abale, yokamanga chiliza kapena yokonza zimene zawonongeka pakhomo. Zimenezi n'zofunika ndipo sindikuzipeputsa, koma zimandiwawa mtima kuti alipo anthu amene anabadwira mumzinda uno mpaka kumera imvi osapondako kumapiri a kum'mawa kwa dziko lino, chonsecho Mutare ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 260 okha, ndipo basi yonyamuka m'mawa imadutsa ku Marondera ndi ku Rusape n'kukafika dzuwa lisanapendeke. N'chifukwa chake pa tchuthi chathachi ndinatenga banja langa pamodzi ndi amalume, amene anakulira ku Mulanje asanabwere kuno kudzagwira ntchito, kuti tikaone mapiriwo.

Mzinda wa Mutare suonekera patali. Msewu umayamba wakwera phiri mokhotakhota pa Christmas Pass, ndipo ukangopotoloka pamwamba, mzinda wonse umaoneka m'munsi utazingidwa ndi mapiri mbali zonse. Mapiri omwewo ndi amene anasamutsa mzindawu, pakuti poyamba unali kuseri, kumene lero kuli mishoni ya Old Mutare ndi sukulu ya ukachenjede ya Africa University, koma njanji yochokera ku Beira sikanatha kukwera chitunda chimenecho, choncho anthu anasamukira kumene njanjiyo inkadzera, ndipo sitima inafika mu 1898. Amene amakonda mbiri angathe kutha m'mawa wonse ku Mutare Museum akuona magalimoto akale, koma ife tinangodutsamo mwachangu chifukwa mtima unali kumapiri.

Ku Bvumba, kumene ndi makilomita osapitirira 30 kuchokera mumzinda, n'kumene ndinazindikira kuti alendo ambiri amadzimana okha. Amafika pa galimoto, n'kuima pa Prince of Wales View, n'kujambula zithunzi zoyang'ana ku Mozambique, kenaka n'kubwerera akunena kuti aona Bvumba. Koma ubwino wa malowa uli m'kati mwa nkhalango ya Bunga, m'tinjira tonyowa timene galimoto singalowe. M'menemo mitengo ndi yaitali kwambiri moti dzuwa limangolowa mwa apo ndi apo, makungwa ake akutidwa ndi ndere, ndipo madzi amadontha kuchokera m'masamba ngakhale mvula isanagwe. Wotiperekeza anatiuza kuti tiime ndi kukhala chete, ndipo patapita kanthawi nthambi zinayamba kugwedezeka pamwamba pathu, kenaka tinaona anchima akudumpha mtengo ndi mtengo, mmodzi atabereka mwana kumimba, wina atakhala pa nthambi akusenda chipatso ndi mano uku akutisuzumira. Ana anga, amene anali atayamba kudandaula za miyendo, anaiwaliratu kutopa. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu ochokera kumaiko akutali amakhala m'nkhalango imeneyi tsiku lathunthu kudikira kambalame kosowa kotchedwa Swynnerton's robin. Pafupi pomwepo pali munda wa maluwa wa boma, umene ndi woyenera agogo ndi ana aang'ono chifukwa njira zake n'zosavuta.

Ulendo weniweni wa miyendo unali wa ku Nyanga, makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Mutare, kumene kuli phiri la Nyangani, lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, lotalika mamita 2,592. Kunena zoona, phirili si lovuta kukwera, pakuti galimoto imakusiyani pamtunda kale, ndipo munthu wa mphamvu zake amafika pansonga pasanathe maola atatu. Choopsa chake ndi nkhungu. Pamwamba pake ndi potakata, podzala miyala yofanana ndiponso madambo, choncho nkhungu ikatsika, njira imasowa ngakhale kwa munthu amene waidutsa kumene. Alipo anthu amene anasowa paphiri limeneli osapezekanso, ndipo eni dera amaliyesa lopatulika, motero amaletsa kutukwana, kuloza ndi chala kapena kunyoza chilichonse chachilendo chimene mungaone. Mnyamata wanga wamkulu atamva malamulowa anayamba kumwetulira, koma amalume anamuyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mphwanga, kwathu ku Mulanje za Sapitwa timauzidwanso zomwezi, ndipo amene amamvera ndi amene amabwerako." Iye anayankha kuti, "Ndamva, agogo," ndipo sanayankhulenso zachibwana mpaka kutsika.

Ine maganizo anga ndi akuti kaya munthu amakhulupirira za mizimu kaya ayi, malamulo amenewa amamuchititsa kuyenda modzichepetsa, osapatukana ndi anzake, ndiponso kumvera amene akulidziwa phirilo. Ife tinanyamuka m'mamawa kutacha bwino, tinalembetsa maina kwa ogwira ntchito m'paki ya Nyanga, momwe muli phirili, n'kutenga woperekeza. Titafika pansonga tinaona chigwa cha Honde chili tetete m'munsi, ndi minda yake ya tiyi, koma tisanamalize n'komwe kudya kamba wathu, mphepo yozizira inayamba kuwomba kuchokera kum'mawa ndipo woperekezayo anatiuza kuti tilongedze msanga. Pamene tinkafika pakati pa njira, nsonga imene tinakhalapo inali itabisika m'chiperoni. Chinyezi chochokera kunyanja ya mchere chikagunda mapiri amenewa chimakwera n'kuzizira, ndipo n'chimene chimabala nkhungu ndi mvula yambiri ya kuderali. Madzi ake ndi amene amayambitsa mtsinje wa Pungwe, umene umamwetsa anthu a mu Mutare usanakathire m'nyanja ku Beira. Choncho nyamulani juzi ndi jekete ya mvula ngakhale kutacha kopanda mtambo, valani nsapato zogwira pansi, ndipo musaiwale chiphaso chanu, chifukwa malipiro olowera m'paki ndi otsika kwa nzika kusiyana ndi alendo akunja.

Ku mathithi a Mutarazi, kumene madzi amagwa mamita oposa 760 kutsikira m'chigwa cha Honde, anaikako milatho yazingwe yodutsa pamwamba pa phompho, ndipo olimba mtima amatsetsereka pa chingwe atamangidwa malamba. Mtengo wake ndi wokwera ndithu kwa banja wamba, koma kuyenda wapansi kukafika poonera mathithiwo sikufuna ndalama zoonjezera, ndipo ife tinakhutira nazo zimenezo.

Zosangalatsa za madzulo zimatengera thumba la munthu. Amene ali nazo amapita ku hotela ya Leopard Rock ku Bvumba, imene ili ndi bwalo la gofu lotchuka ndiponso kumene mayi wa Mfumukazi Elizabeth anafikirako mu 1953, kapena amakadya nsomba za trout ku Troutbeck. Ife tinachita lendi kanyumba kokhala ndi khitchini, tinakagula nthochi, mapeyala, mbatata ndi ndiwo zamasamba pa msika wa Sakubva, n'kumadziphikira tokha nsima, ndipo ndalama imene tinapulumutsa mwa njira imeneyi ndi imene inalipira woperekeza ndi mafuta a galimoto ya ku Nyanga. Usiku tinkaotcha nyama panja, ana akumvera amalume akufotokoza za ulendo wawo wochoka ku Malawi ali mnyamata, nkhani zimene ku Harare sapeza mpata wozikamba. Anawo ayamba kale kufunsa za mapiri a ku Chimanimani, ndipo tagwirizana zoti tidzapiteko chakumapeto kwa Ogasiti, nthawi imene mitengo ya msasa imaphuka masamba ofiira komanso mitsinje imakhala yosavuta kuwoloka.