Kusandutsa nambala ya binary kuti iwerengeke pa LCD

Kuno ku Angónia nyumba zambiri zakumudzi zimadalira sola ndi batire ya 12 V, ndipo batire ikamatsitsidwa mopitirira muyeso sichedwa kufa. N'chifukwa chake ndimapanga kachipangizo koonetsa mphamvu yake ndi Arduino Uno (kabolodi kokhala ndi kakompyuta kakang'ono) ndi LCD ya 16x2 (kasikirini ka mizere iwiri ya zilembo 16). Povuta ndi apa: ATmega328P, chip cha pa Arduino Uno, chimasunga nambala m'ma 0 ndi ma 1 (binary), pomwe LCD imalandira chilembo chimodzichimodzi.

Ndimayamba ndi ma resistor awiri, 20k kuchokera ku positive ya batire ndi 10k kupita ku GND (negative), ndipo pamene akumana ndimalumikiza ku pini ya Arduino yotchedwa A0. Motero 15 V imafika pa pini ili 5 V. ADC, gawo la chip losandutsa mphamvu ya pa pini kukhala nambala, imapereka 0 mpaka 1023. Tinene kuti yawerenga 1101011100, yomwe ndi 860. Ndimachulukitsa ndi 1500 (yoimira 15.00 V) n'kugawa ndi 1023, pamatuluka 1260, ndiye kuti 12.60 V. Apa chenjerani: 860 × 1500 ndi 1 290 000, koma int, mtundu wamba wa nambala m'pulogalamu, pa chip ichi imalekeza pa 32 767. Lembani 1500UL (UL ndi mtundu wokwana nambala zazikulu), apo ayi mudzaona zosamveka.

Tsopano kupatula manambalawo. Chip ichi chilibe lamulo lakelake logawira, choncho / 10 (kugawa ndi 10) ndi % 10 (chotsala pogawapo) zimadya nthawi, komanso zimatulutsa manambala chafutambuyo. Ine ndimakonda kuchotsera, monga mmene wogulitsa pamsika amawerengera chenje. Pa 1260 ndimachotsa 1000 kamodzi, ndalemba 1, patsala 260. Ndimachotsa 100 kawiri, ndalemba 2, patsala 60. Kenako 10 kasanu n'kamodzi, ndalemba 6, ndipo chotsala, 0, ndiye nambala yomaliza.

Iliyonse ndimaiwonjezera 48 ndisanaitumize ndi lcd.write(), chifukwa mu ASCII, ndondomeko yopatsa chilembo chilichonse nambala yake, chilembo cha 0 chili pa 48. Mukaiwala, LCD imaonetsa timadontho tachilendo, poti 0 mpaka 7 ndi malo a zilembo zodzipangira. Kadontho ka decimal kamabwera pambuyo pa nambala yachiwiri.

Mphamvu ikatsika kufika 9.05 V, manambala amatuluka 0905: ziro wapakatiyo asachoke, koma woyambirira yekha. Pamalo pakepo lembani mpata, osangodumpha, chifukwa LCD sifufuta yokha zakale: 1 uja adzakhalabe pomwepo, batire yofooka n'kumaoneka ngati ili ndi 19.05 V.