Ndinapopera udzudzu, njuchi zanga n'kufa

Mvula itayamba mu Disembala, udzudzu unatisowetsa mtendere kwathu ku Zomba. Mdzukulu wanga anali atangochira malungo, ndiye mtima sunali m'malo. Ndinagula mankhwala pamsika, m'botolo lopanda pepala lililonse, n'kupopera mpanda wonse, nthochi ndi maluwa a maungu kuseri kwa nyumba. Ndinapopera masana dzuwa likuswa mtengo, opanda chophimba kukamwa.

M'mawa mwake ndinapeza njuchi zili mbwee pansi pa mng'oma wanga. Ineyo manja ndi nkhope zinkayabwa usiku wonse. Mpaka lero imfa ya njuchizo imandiwawa.

Mlangizi wa zaulimi ndiye anandimasulira. Mankhwala ambiri ophera udzudzu ndi a gulu la pyrethroid, monga permethrin ndi deltamethrin, omwenso amaikidwa m'maneti. Kwa munthu, pa mlingo woyenera, vuto ndi lochepa. Koma njuchi ndi nsomba zimafa ndi pang'ono pokha, ndipo mphaka thupi lake limalephera kuchotsa permethrin. Anandikumbutsanso kuti mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ku Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizilombo, ndipo amakhala ndi pepala la malangizo.

Chinandikhudza kwambiri n'chakuti udzudzu wa malungo umaluma usiku, makamaka m'nyumba. Kupopera maluwa masana sikunamuteteze mwanayo.

Tsopano Loweruka lililonse ndimakhuthula madzi m'matayala ndi m'zitini, n'kukwirira zithaphwi, poti dzira limasanduka udzudzu pasanathe sabata ziwiri. Mdzukulu amagona m'neti. Mng'oma uja ukadali wopanda njuchi.